Mawaya a m'chitseko cha galimoto: kupeza pomwe aduka ndi kuwalumikiza kuti asadukenso

Galasi la pachitseko likamatsika chitseko chili chotsegula koma n'kukana mukachitseka, musathamangire kukagula mota kapena swichi. Kawirikawiri zonsezo zimakhala zili bwinobwino. Vuto limabisala pakati pa chitseko ndi thupi la galimoto, pomwe mawaya onse opita m'chitseko amadutsa m'kachubu ka labala kamakwinya. Tsegulani chitseko cha dalaivala mpaka kumapeto, musuzumire pakati pa hinjesi yam'mwamba ndi yam'munsi, mukaona.

M'kachubu kameneka mumadutsa mawaya a magalasi, a central lock, a galasi loonera kumbuyo ndi a sipika. M'galimoto zina mumadutsanso mawaya a sensa imene imauza airbag kuti galimoto yagundidwa m'mbali. Chitseko chikatseguka amapindika, chikatsekeka amapindikanso. Aliyense amene anapangapo galimoto yamawaya ali mwana akudziwa kuti waya safuna pulayala kuti aduke, kungomupinda uku ndi uku pamalo amodzi amaduka yekha. N'zomwezo zimachitika apa, kungoti pang'onopang'ono. Waya wa galimoto ndi timawaya tamkuwa tambirimbiri topotedwa pamodzi, ndipo timaduka kamodzikamodzi mkati mwa pulasitiki kunja kukuoneka kwabwino. Chitseko chotsegulidwa ka 20 patsiku chimapinda mawayawo maulendo oposa 7,000 pachaka. Onjezerani kuti galimoto zambiri za ex-Japan zimafika kuno zitayenda kale zaka zingapo, ndipo ya taxi yoyenda pakati pa tauni ndi Chinamwali kapena Matawale imatsegulidwa kuposa apa kutalitali.

Kuno ku Zomba pali zina zofulumizitsa. Mvula ya m'munsi mwa phiri, kuyambira Novembala mpaka Epulo, imatsetsereka pagalasi n'kulowa m'chitseko, ndipo mapulagi amachita dzimbiri lobiriwira. Dzuwa la Okutobala limaumitsa pulasitiki wokuta mawaya mpaka kuyamba kusweka. Misewu yafumbi yopita chakunyanja ya Chilwa imagwedeza chitseko tsiku lonse. Nthawi yokolola, galimoto yonyamula chimanga imaitana makoswe, ndipo makoswe amakonda kutafuna mawaya. Palinso manja a anthu: woika alamu kapena masipika akuluakulu amene anasenda waya, n'kupotapo wake, n'kukulunga tepi, komanso wowotcherera hinjesi amene sanachotse kachubu ka labala moto usanayambe.

Chifukwa chake musalekerere

Ambiri amati bola galimoto ikuyenda. Koma waya wa galasi amanyamula magetsi ambiri, ndipo fyuzi yake nthawi zambiri imakhala ya 20A mpaka 30A. Timawaya tikaduka n'kutsala titatu kapena tinayi, magetsi onsewo amapanikizana pamenepo ndipo pamatentha. Pulasitiki akasungunuka, waya wamoto amakhudzana ndi mnzake kapena ndi chitsulo cha chitseko. Fyuzi yoyenera imapsa n'kuteteza galimoto. Koma ngati wina anaikamo yaikulu, kapena anamangapo kawaya kapena kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, chimene chimapsa ndi mtolo wonse wa mawaya, ndipo mkati mwa chitseko ndi pulasitiki, siponji ndi nsalu zokhazokha.

Chachiwiri ndi kutuluka. Galimoto ikagwera m'madzi, monga zimatha kuchitika pa milatho ing'onoing'ono Likangala akadzaza, chitseko sichitseguka chifukwa madzi akunja amachikankha. Njira yotulukira ndi pawindo, m'masekondi oyambirira magetsi asanafe. Galasi loti limatsika likafuna si loyenda nalo ana. Maloko nawonso: shoti ikhoza kukiya zitseko yokha makiyi ali mkati, kapena kuzitsegula galimoto ikuthamanga. Galasi loonera kumbuyo lakumanzere likakana kusuntha, wa kabaza amene ali m'mbali mwanu pa msewu wa M3 simumuona. Ndipo nyali ya airbag ikayaka pa dashibodi osazima, dziwani kuti ma airbag ena, mwina onse, sangatseguke pa ngozi.

Zida

Mufunika multimeter (mita yoyezera magetsi), babu la 21W, ngati la indiketa, lokhala ndi mawaya awiri aatali, masikuludiraiva, sipanala ya 10, pulayala yosendera waya ndi yofinyira ma crimp (timachubu tachitsulo tolumikizira mawaya), heat shrink (kachubu kapulasitiki kofota kakatenthedwa) yokhala ndi guluu mkati, tepi yansalu ya mawaya a galimoto, mafyuzi angapo a kukula koyenera, ndi timitengo tapulasitiki totukulira chikuto cha chitseko. Sikuludiraiva yokulunga kansalu imathanso, koma imathyola timakilipi mukapupuluma.

Waya watsopano ndiye muyenera kusankha mosamala. Waya wa m'nyumba, uja wa mkuwa umodzi wolimba, asayandikire n'komwe. Amaduka msanga pamalo opindika. Mukufuna waya wa galimoto wa timawaya tambiri tofewa, wa kukula kofanana ndi wakale. Galimoto za ku Japan zimagwiritsa ntchito kwambiri 0.5, 0.85, 1.25 ndi 2.0 mm². A mota ya galasi amakhala aakuluwo, 1.25 kapena 2.0, pomwe a masipika ndi a maswichi amakhala ang'onoang'ono. Waya wabwino komanso wotsika mtengo amapezeka pa mtolo wa galimoto yophwasulidwa. Dulani chigawo cha pansi pa dashibodi kapena cha pansi pa kapeti, chimene sichinapindikepo, osati cha pachitseko. Mwayi wake ngwakuti mumapezanso mitundu yofanana ndi yanu. Mawaya ena otchipa a m'mashopu ndi aluminiyamu wopakidwa mkuwa. Palani ndi mpeni: mukaona choyera mkati, asiyeni.

Gawo loyamba: yesani musanamasule chilichonse

Yambani ndi batani lokiya magalasi lomwe lili pa swichi ya dalaivala. Likadinidwa, magalasi a okwera sagwira ntchito, ndipo anthu amamasula zitseko chifukwa cha ichi chokha. Chimodzimodzi chitseko chakumbuyo chokana kutseguka ndi mkati: onani kaye kandodo ka child lock m'mphepete mwa chitseko. Kameneko si kamagetsi.

Kenako mafyuzi. Pa Toyota zambiri ali pansi pa dashibodi mbali ya dalaivala, ena m'bokosi la ku injini, ndipo mayina ake amakhala ngati POWER, P/W, DOOR kapena D/L. Pa mafyuzi ang'onoang'ono a mano awiri, mtundu umakuuzani kukula kwake: yofiira 10A, yabuluu 15A, yachikasu 20A, yoyera 25A, yobiriwira 30A. Yerekezani ndi zolembedwa pa chivundikiro. Mukapeza yaikulu kuposa yolembedwayo, wina anabisa shoti, ndipo ntchito yanu ndi kuipeza.

Tsopano tembenuzani kiyi pa ON, dinani swichi ya galasi osasiya, uku mukutsegula ndi kutseka chitseko pang'onopang'ono. Kenako finyani ndi kugwedeza kachubu ka labala ndi dzanja. Galasi likangoti gwede, kapena sipika ikathetheka, kapena maloko akadumpha, mwapeza malo ake.

Ngati sizinaoneke, yatsani nyali ya kudenga injini ili yozima, mudine swichi. Nyali ikachepa mphamvu pang'ono, magetsi akufika pa mota, ndiye kuti mota yagwira kapena galasi lapanikizika m'njira yake. Ikapanda kusintha, magetsi sakufika, ndipo waya, swichi kapena pulagi ndiye zolakwa. Izi zimaoneka bwino ndi babu lakale, osati la LED.

Pali chizindikiro china chimene chimasocheretsa ngakhale amakaniko. M'galimoto zambiri zakale za ku Japan, galasi la wokwera limapeza earth yake, njira imene magetsi amabwererera ku thupi la galimoto, kudzera pa swichi ya dalaivala, pa mawaya awiri. Mmodzi mwa awiriwa akaduka, dalaivala amalephera kukweza kapena kutsitsa galasilo, koma wokwerayo pa swichi yake amatha kuliyendetsa mbali imodzi yokha, mwachitsanzo kukwera osatsika. Munthu amamasula chitseko chakumbuyo kufunafuna vuto, chonsecho waya waduka pa hinjesi ya dalaivala. Magalasi onse anayi akafa pamodzi fyuzi ili yabwino, kaonaninso pomwepo: akhoza kukhala waya wamoto kapena wa earth wa swichi yaikuluyo.

Gawo lachiwiri: chotsani batire

Tsitsani kapena kwezani galasi pomwe mukulifuna, chotsani kiyi, ndipo masulani mutu wa negative wa batire ndi sipanala ya 10. Uikeni poti sungabwerere wokha. Dikirani. Kompyuta ya airbag imasunga magetsi kwa kanthawi. Toyota imati masekondi osachepera 90, makampani ena amati mphindi 3, choncho dikirani mphindi 3 zonsezo.

Pulagi iliyonse yachikasu, kapena waya wokutidwa chikasu, ndi za airbag. Musabayepo babu, musayezepo ndi mita. Waya wotere akaduka m'chitseko, asinthidwe ndi mtolo wathunthu kwa katswiri wokhala ndi kompyuta yowerengera ndi kufufuta makodi. Kulumikiza kosasamala pamenepa kumasintha zomwe kompyuta imawerenga, ndipo simudziwa mpaka tsiku la ngozi.

Chenjezo lina laling'ono: mawailesi ambiri obwera ndi galimoto za ex-Japan amafuna SD card ya mapu kapena nambala yachinsinsi batire likachotsedwa. Onetsetsani kuti khadilo lilimo musanamasule.

Gawo lachitatu: tsegulani kachubu ndi chikuto

Tukulani mlomo wa kachubu mbali ya thupi la galimoto ndi mbali ya chitseko, mukakankhire kumbali imodzi. Kakauma, pakani madzi a sopo. Oilo wa injini kapena girisi wamba zimatupitsa labala. Musakang'ambe ndi lezala pofuna kufulumira, chifukwa kachubu kong'ambika ndi khomo la madzi opita pa mapulagi a pansi pa dashibodi.

Chotsani tepi yakale, mulekanitse mawaya. Ena mudzawaona oduka poyera. Obisala ndi amene amavuta. Gwirani waya aliyense ndi zala ziwiri mbali zonse, mukoke pang'ono. Waya wabwino satamuka. Amene akutamuka ngati lasitiki, kapena wapyapyala pamalo amodzi, mkuwa wake waduka mkati. Yang'ananinso pulasitiki wosweka, wakuda kapena wosungunuka. Mukapeza mmodzi woduka ndipo anzake ayamba ming'alu, konzani onse lero. Anakalamba pamodzi, ndipo mukakonza mmodzi yekha mudzatsegulanso mwezi wamawa.

Chikuto cha chitseko chimagwidwa ndi masikulu awiri kapena atatu, nthawi zambiri kuseri kwa chogwirira chotsegulira ndi m'kabowo kokokera chitseko, kenako timakilipi m'mphepete. Tukulani kuyambira pansi, mukweze m'mwamba, ndipo musakoke musanazule mapulagi. Pansi pake pali pepala lapulasitiki lomatidwa ndi phula lakuda. Limatuleni bwinobwino, lidzafunikanso. Jambulani ndi foni mapulagi onse musanawazule. Mbali ya thupi, chotsani kachikuto ka pafupi ndi phazi lakumanja la dalaivala, pomwe mtolo wa chitseko umalumikizana ndi wa galimoto. Mukazula mapulagi amenewo, mtolo wonse umasololoka kutulukira pakhomo la hinjesi, ndipo mumagwira ntchito poyera m'malo mopanikiza zala pakampata.

Gawo lachinayi: kuyeza, ndi bodza la mita

Apa m'pamene ambiri amanamizidwa. Mita imafuna magetsi ochepa kwambiri kuti iwerenge. Waya wotsala ndi kamkuwa kamodzi amaonetsa 12V yathunthu ndipo mita imalira kuti ndi wolumikizana, koma mota ya galasi ikafuna ma amp angapo, kamkuwako sikangapereke. N'chifukwa chake waya ayenera kuyezedwa akugwira ntchito.

Batire lili lochotsa, ikani mita pa ohm, muyeze waya aliyense, kupatula a airbag, kuchokera pa pulagi ya ku phazi mpaka ya m'chitseko, wina akupinda mtolo pakati. Wabwino amakhala pansi pa 1 ohm ndipo nambala sivinavina. Kenako zulani mbali zonse ziwiri, muyeze pakati pa waya aliyense ndi anzake, komanso ndi chitsulo. Pasakhale kulumikizana kulikonse, kupatula waya wa earth ngati akadali womangidwa ku thupi.

Bwezerani mapulagi ndi batire kuti muyeze ndi babu. Batire labwino lopuma limaonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo likakhala pansi pa 12.2V litchajeni kaye, kuopa kunamizira waya. Lumikizani babu la 21W pakati pa waya wamoto ndi waya wa earth pa pulagi ya swichi ya dalaivala, kiyi ali pa ON. Babu limeneli limakoka pafupifupi 1.7A. Likawala mofooka kapena kuphethira mukagwedeza kachubu, mmodzi mwa awiriwo ndi wodwala. Kuti mudziwe uti, ikani mita pa volt, waya wake mmodzi pa mutu wa positive wa batire, wina pa waya wamoto wa pa pulagi, babu likuyaka. Nambala yomwe ikuoneka ndi magetsi otayika m'njira. Ikapitirira 0.5V, pali vuto. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera pa mutu wa negative kupita pa waya wa earth.

Waya wa earth pa Toyota ndi woyera wa mzere wakuda. Pa Nissan, Honda ndi Mazda nthawi zambiri ndi wakuda, ndipo pa galimoto za ku Germany ndi wabulawuni. Ena akapeza kuti waduka amangomumanga pa chitsulo cha chitseko. Zimagwira masiku ochepa basi, chifukwa magetsiwo amabwerera kudzera m'mahinjesi odzaza girisi ndi dzimbiri. Earth iyenera kubwerera ku thupi la galimoto pa waya wakewake.

Ngati fyuzi ikupsa mukangoika, musamalize paketi yonse. Zulani fyuzi, mulumikize babu lija pa mano awiri a malo ake. Shoti ikakhalapo babu limawala kwambiri, koma palibe chimene chikupsa chifukwa babu likuchepetsa magetsi. Tsopano gwedezani chitseko, zulani mapulagi imodziimodzi. Pomwe babu lazima kapena kuchepa mphamvu, shoti ili pamenepo.

Galimoto zatsopanoko zili ndi kakompyuta m'chitseko kapena m'mota ya galasi, ndipo mauthenga amayenda pa mawaya ang'onoang'ono: awiri opotana a CAN, kapena mmodzi wa LIN. Babu lisakhudze amenewa, ndipo musawapatse 12V. Waya wotere akachita shoti m'chitseko amatha kusokoneza zinthu zakutali, monga nyali za pa dashibodi kapena rimoti ya kiyi.

Gawo lachisanu: kulumikiza

Lamulo lalikulu la ntchito yonseyi ndi ili: mfundo, pomwe mwalumikiza mawaya, isakhale m'kachubu. Kulumikiza nsonga ziwiri pomwe zadukira ndi kumene kumachititsa kuti galimoto ibwerere kwa makaniko mvula isanathe. Mfundo ndi yolimba, sipindika, choncho waya amakadukira m'mphepete mwake. Komanso waya amafupika n'kumakokeka chitseko chikatseguka.

Chotsaninso batire. Dulani chigawo chonse chomwe chimapindika, muikepo waya watsopano wa masentimita 25 mpaka 30, kuti mfundo imodzi ikagwere mkati mwa chitseko ndipo inayo mkati mwa thupi, iliyonse masentimita 8 kapena 10 kuchokera pa mlomo wa kachubu. Utali wonse ufanane ndi wakale, kapena upitirire ndi sentimita imodzi. Wautali kwambiri amapindana m'kachubu n'kumakhuzana ndi anzake.

Gwirani waya mmodzi, mumalize, kenako wina. Mumtolo umodzi mumatha kukhala mawaya awiri a mtundu wofanana, ndipo mukadula onse pamodzi mudzasinthanitsa wa loko ndi wa sipika. Pitirizani waya watsopano m'kachubu musanalumikize mbali yachiwiri, ndipo lowetsani heat shrink musanafinye. Izi ziwiri zimaiwalika kawirikawiri.

Sendani mamilimita 7 kapena 8 osadula timawaya, lowetsani mu crimp ya kukula koyenera, finyani ndi pulayala yake, ndipo kokani mwamphamvu. Ikasololoka, yambiraninso. Kutani ndi heat shrink ya masentimita 3 kapena 4, mutenthe mpaka guluu atulukire m'mbali. Ngati mulibe ma crimp, sodala (mtovu wolumikizira mawaya) imatheka, koma ikhale ya zamagetsi, osati ya asidi yomatira maradiyeta, yomwe imadya mkuwa. Ikani yochepa. Yambiri imayenderera mkati mwa waya n'kumuumitsa patali. Kupota ndi zala n'kukulunga tepi yakuda sikulumikiza: kutentha kwa m'chitseko kumasungunula guluu wa tepi, chinyezi chimalowa, ndipo mfundoyo imayamba kutentha.

Mfundo zisakhale pamzere umodzi. Zitalikirane masentimita 2 kapena 3, kuti mtolo usatupe komanso kuti zisadzakhudzane. Mawaya opotana a CAN muwapotenso monga analili, onse awiri a utali wofanana. Mukatha, kulungani tepi yansalu kunja kwa kachubu, koma mkati mwake musamange zolimba. Mawaya amafunika kutsetsereka pang'ono chitseko chikamayenda.

Ngati oduka apitirira theka la mtolo, kapena pali posungunuka, kapena muli mawaya a airbag, gulani mtolo wonse wa chitseko. Pochotsa pa galimoto yophwasulidwa, yerekezani mapulagi ndi nambala ya pa kapepala ka mtolowo, chifukwa Vitz ziwiri za chaka chimodzi zimatha kusiyana malinga ndi zida zomwe zinabwera nazo. Ndipo mukoke waya mmodzimmodzi monga tafotokozera musanalipire.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: chotsani chomwe chinayambitsa

Pakati pa mahinjesi pali kachitsulo koletsa chitseko kutseguka mopitirira. Kakathyoka, chimene chimagwira chitseko mphepo ikachikankha ndi mawaya. Kasintheni. Nyamulani chitseko kunsonga chili chotsegula: chikamagwedera m'mwamba ndi pansi, mahinjesi atha. Ngati pakufunika kuwotcherera, mtolo utuluke kaye ndipo batire lichotsedwe.

Pansi pa chitseko pali timabowo totulutsira madzi. Fumbi la chilimwe limasanduka matope n'kutitseka, ndipo chitseko chimasunga madzi mpaka kumveka khuvukhuvu pokhota. Tiboleni ndi kamtengo. Mapulagi obiriwira muwatsuke ndi contact cleaner ndi kamswachi, aume, kenako mupake girisi ya silikoni pang'ono pa labala wake. Kadzino ka pulagi kakadyeka, kasinthidwe. Bwezerani pepala lapulasitiki lija, lomata mbali zonse makamaka pansi, chifukwa ndi limene limatchinga madzi kuti asafike pa swichi ndi sipika. Milomo yonse iwiri ya kachubu ilowe bwino m'mabowo ake.

Za Sienta ndi zitseko zokoka

Chitseko chokoka sichipinda mawaya pa hinjesi. M'galimoto ngati Sienta, mtolo umayenda m'kanjira kapulasitiki m'munsi mwa chitseko, pafupi ndi popondera. Pamenepo pamagwera mchenga, timiyala, njere za chimanga ndi madzi a m'nsapato, ndipo kanjirako kakasweka mawaya amakhuzika pachitsulo. Galimoto zina zili ndi timano tachitsulo pa chitseko ndi pa chipilala, tomwe timakhudzana chitseko chikatsekeka. Tikada, loko wa chitsekocho sayankha. Tipukuteni, muone ngati masipuling'i ake akukankhabe. Chitseko choyenda ndi mota chili ndi labala wa m'mphepete amene amamva chikapana munthu. Waya wake akawonongeka, zimitsani mota ndi batani la pa dashibodi, muzitsegula ndi manja mpaka akonzedwe.

Swichi yomata ya Toyota

Si moto wonse wa m'chitseko umachokera pa hinjesi. Mu Okutobala 2012 Toyota inaitanitsa galimoto pafupifupi 7.4 miliyoni padziko lonse chifukwa cha swichi ya magalasi ya dalaivala, ndipo mu Okutobala 2015 inaitanitsanso zina pafupifupi 6.5 miliyoni. Mwa izo munali Vitz, Corolla, Camry ndi RAV4, zambiri zopangidwa pakati pa 2005 ndi 2010, zomwe zadzaza m'misewu yathu. Girisi ya mkati mwa swichi sinapakidwe mokwanira, ndipo timano tinkadyeka mpaka kuchita shoti ndi kutentha. Chizindikiro chake ndi batani lomata kapena lolimba podina, nthawi zina ndi fungo la pulasitiki wopsa. Musapopere mafuta ofewetsera zitsulo mu swichi yotere, chifukwa zimawonjezera ngozi ya kusungunuka. Tengani nambala ya chasisi mukafunse kwa ogulitsa Toyota ovomerezeka ngati galimotoyo inakonzedwa, ndipo swichi yonunkha kupsa izulidwe tsiku lomwelo.

Galasi likakanirira pansi mvula ikubwera

Chotsani chikuto, zulani pulagi ya mota. Ngati ili ndi mawaya awiri okha, tengani mawaya awiri kuchokera ku batire, wa positive akhale ndi fyuzi ya 20A, mukhudze mano awiriwo. Galasi likatsika, sinthanitsani mawaya, likwera. Siyani likangofika pamwamba. Manja asakhale mkati mwa chitseko, chifukwa zitsulo zokwezera galasi zimadula chala. Ngati pulagi ili ndi mawaya asanu kapena asanu ndi mmodzi, mota ili ndi kakompyuta kapena sensa mkati, ndipo kungoyesa mwachisawawa kumatha kuziwotcha. Pamenepo matani pulasitiki pawindo mupite kwa wamagetsi.

Gawo lomaliza: kuyesa

Musanabwezere chikuto, lumikizani batire muyese zonse chitseko chili chotsegula, chili pakati, ndiponso chili chotseka: magalasi onse pa maswichi onse, maloko ndi kiyi komanso rimoti, galasi loonera kumbuyo mbali zinayi, sipika. Nyali ya airbag iyenera kuyaka masekondi angapo mukatembenuza kiyi, kenako n'kuzima. Kwezani ndi kutsitsa galasi kasanu, mugwire mfundo zanu. Yofunda ndi yolakwika.

Batire likachotsedwa, galasi la AUTO, lija lokwera lokha mukangokhudza batani kamodzi, limatha kuiwala malire ake. Pa Toyota zambiri, tsitsani galasi mpaka pakati, kenako kokani batani m'mwamba osasiya mpaka litsekeke, mugwirebe masekondi awiri kapena atatu. Zikakana, onani buku la galimotoyo, chifukwa njira zimasiyana. Kenako yesani chitetezo cha kupana. Ikani thaulo lokulunga pawindo, osati dzanja, mukweze ndi AUTO. Galasi liyenera kugunda n'kubwerera pansi lokha. Likapitiriza kufinya, musagwiritse ntchito AUTO mpaka likonzedwe, ndipo muzikiya magalasi akumbuyo mukanyamula ana.

Ngati batire linkatha usiku, yezani ngati vutolo lachoka. Zimitsani zonse, tsekani zitseko, ikani mita pa 10A pakati pa mutu wa negative ndi waya wake, mudikire mphindi 20 mpaka 30 kuti makompyuta agone. Musalize injini kapena kudina galasi mita ili pamenepo, fyuzi yake ipsa. Galimoto yabwino imakoka pansi pa 0.05A. Ikakoka zambiri, yang'anani kaswichi kouza galimoto kuti chitseko chatseguka. Pa Toyota zambiri kali pa chipilala, kokutidwa labala wakuda, ndipo pa galimoto zambiri za ku Ulaya kali mkati mwa loko. Kadineni ndi chala: nyali ya kudenga ndi kachizindikiro ka chitseko pa dashibodi ziyenera kuzima. Zikapanda kuzima, masulani kasikulu kake, mupale dzimbiri pomwe kamakhudza thupi, muone ngati waya wake sakukhudza chitsulo kuseri, kenako muyezenso.